Kabokosi Kobiriwira

Chiyambire m'mawa Kadiso anali asanakhazikike. Akakhala pabedi, aimirira. Akaimirira, apita pawindo, kenako abwereranso pabedi pomwepo pamene panali kamera ija itangoti phee ngati mlendo wosamva chilankhulo. Dzina la Kadisoli anamupatsa ndi amayi ake, chifukwa chiyambireni ntchito yojambula anthu, mtsikanayu ankatsinzina diso limodzi ngakhale pothira shuga mu tiyi.

Kamera yake yakale, imene zala zake zinkaiyendetsa zokha iye akucheza ndi anthu, inagwa pamasitepe ndipo sinadzukenso. Imene inali pabediyi inali yopangidwa ndi kampani ina. Ndiye kusiyana kwake, abale inu! Lenzi ya yakale ija inkalowa ukaipotolera kumanja, ya iyi mpaka kumanzere. Kagudumu kowonjezera kuwala akakazunguza mmene anazolowerera, chithunzi chinkada bii ngati wajambula m'kati mwa thumba. Pamene panali batani loonera zithunzi, apa panali lofufutira. Ndipo phwando la abambo ake, amene anali atangopuma pantchito yoyendetsa mabasi, linali mawa lake lomwelo. Abale onse anali atauzidwa kale kuti wojambula ndi mwana wa m'nyumba momwemo.

Komatu nkhani yeniyeni sinali mabatani ayi. Nkhani inali mwini kamerayo.

Mwini wake anali Wamanzere, mnyamata wokonza mafoni ndi makamera m'kachipinda ka pansi pa masitepe a nyumba yamashopu. Awiriwa anali atakondana mpaka abambo ake a Kadiso anamva, ndipo tsiku limene anamvalo anamenya tebulo.

"Munthu wotsegula mafoni a atsikana onse a m'tauni muno sangakhale mkamwini wanga. Ndikadzamvanso kuti wakumana naye, udzalongedza, ukakhale kwa amalume ako. Kumeneko ukajambule mbuzi."

Kwa amalumewo kunali kutali, kotha tsiku lonse uli m'basi. Kadiso analonjeza, misozi ili chuchuchu. Ndiye Wamanzere atamutumizira kamerayi, kunyumba anangoti wabwereka kwa mnzake wamkazi.

Anatenga foni, naisiya. Anaitenganso.

"Kamera yakoyi ndi yamanzere ngati mwini wake," analembera Wamanzere.

Yankho silinachedwe. "Bwera nayo ndikuphunzitse."

"Ndinalonjeza abambo."

"Unalonjeza kuti sukumana ndi ine. Iwe ubwere kudzakumana ndi kamera. Ine ndingokhala womasulira."

Kadiso anaseka yekha, ndipo chitseko chinatseguka asanabise mano. Anali msuweni wake, mwana wamkazi wa azakhali, uja wogwira ntchito kusaluni, amene anabwera kudzagona kuti athandize za phwando. Anthu ankanong'ona kuti ndi iyeyu amene anakaulula za Wamanzere kwa abambo, koma mwiniwake ankakana mpaka kulumbira.

"Ukuseka ndi ndani, mkazi wopanda mwamuna iwe?"

"Ndi foni. Yaletsedwanso?"

Msuweni anaona kamera pabedi ndipo anaima kaye. Anainyamula, naiyatsa osafufuza n'komwe pamene pali batani, kenako anaizimitsa msangamsanga n'kuibwezera ngati yamuotcha.

"Waitenga kuti imeneyi?"

"Kwa mnzanga."

"Mnzako," anatero Msuweni, akukoka mawuwo ngati tsitsi la kasitomala. "Chabwino."

*

Masana Kadiso ananena kuti akukagula batire. Anadutsa njira yozungulira, kuseri kwa malo oimikapo magalimoto, akutembenuka pafupipafupi ngati wakuba nkhuku.

Kachipinda ka Wamanzere kanali kakang'ono moti anthu awiri akalowamo, wachitatu anali mpweya basi. Patebulo panali mafoni osegulidwa mimba, timasikulu m'chivundikiro cha botolo, ndi nyali yopindika khosi. Mwiniwakeyo anali ataluma kasikuludiraiva, ndipo atamuona analavulira m'dzanja.

"Womasulira ali pano, mayi."

"Usandichedwetse. Ndiuze chifukwa chake chilichonse chikuyenda chobwerera."

"Sichikubwerera. Iwe ukuiuza kamera iyi mawu amene unkauza ija. Iliyonse ili ndi makutu ake."

"Ngati amuna."

"Amuna ena," anatero Wamanzere. Anaima kumbuyo kwake, natenga chala chake chachikulu n'kuchiika pa kagudumu. "Kuwala ukufuna? Kokera kuno. Osati uko, kuno. Chala chako chikadali ndi mwamuna wakale."

"Ndisiye, iwe! Ndikuona ndekha."

Koma sanachotse chala. Anaphunzira kagudumu, anaphunzira lenzi, anaphunzira kuti batani lofiira ndi la kanema, osati lowalitsira. Mtima wake wokha ndi umene sunkamva maphunziro, unkangothamanga. Aliyense akadutsa pamasitepe pamwamba pawo, iye ankadzidzimuka.

"Tsopano uone chimene ija yako inalibe," anatero Wamanzere. "Iyi imaloweza nkhope. Ukaiuza kuti munthu uyu ndi wofunika, ngakhale abisale pakati pa anthu odzadza holo, imamupeza, ndipo iye yekhayo ndi amene amaoneka ngwee. Tandilozetsa."

Kadiso anamulozetsa. Wamanzere anadina apa ndi apo, kenako anauza kamera kuti iloweze. Pasikirini panatuluka kabokosi kobiriwira, kanakhala pankhope yake. Anapendekera kumanja, kabokosi kanamutsatira. Anabisala kuseri kwa nyali, kanamudikira, ndipo atangosuzumira kanamudumphira padiso.

"Anthu wamba imawapatsa kabokosi koyera. Kobiriwira ndi ka munthu amene inamuloweza."

"Ndiye kakukonda kwambiri," anatero Kadiso.

"Kakuonera iwe." Anamwetulira. "Ukafika kunyumba ufufute nkhope yanga, uloweze ya abambo ako. Bwera ndikuonetse pofufutira. Komanso pali nkhani ina. Eni holo ya mawa andiitana kuti ndikayang'anire masipika."

Kadiso anatsitsa kamera. "Wati chiyani?"

"Ntchito ndi ntchito. Mwinanso ndipeza mpata wowapatsa moni abambo."

"Moni? Iwe ukufuna ndikajambule mbuzi? Ukakhale kumbuyo kwenikweni ndi mawaya ako. Usandiyang'ane. Usatsokomole n'komwe!"

Nthawi yomweyo foni yake inalira. Anali Msuweni.

"Batire yakeyo ukuipanga wekha? Abambo ako akukufunsa. Ndiwauze kuti uli kuti?"

Kadiso anaponya kamera m'chikwama n'kuthamanga. Wamanzere anakuwa kumbuyo kwake za pofufutira paja, koma mawu ake anatsala pansi pa masitepe.

*

M'mawa wa phwando m'nyumba munali chipwirikiti. Amayi ankafuna simbi, azakhali ankafuna ndolo yawo imodzi, abambo ankayenda uku ndi uku atavala tayi koma opanda nsapato. Kadiso anayatsa kamera kuti ayeserenso, ndipo sikirini inali yodzadza manambala, timizere ndi timabokosi mpaka mutu unamupweteka. Anadina batani limene pa kamera yakale linali lowerengera zithunzi zotsala. Zonse zija zinazimiririka, sikirini inayera mbee.

"Eya, tsopano wayamba kumva," anaiuza kamera. Za nkhope ija sanazikumbukenso.

Holo inadzadza. Kunabwera madalaivala anzawo a abambo ndi akazi awo, makondakitala akale, ndi abale amene amangooneka pakakhala chakudya. Kumbuyo, pafupi ndi khomo, kunali Wamanzere atavala shati yoyera imene Kadiso anali asanaionepo. Anasunga lonjezo, sanamuyang'ane. Ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka Kadiso kwambiri. Munthu angavale shati yotere n'kumangoyang'ana mawaya?

Anajambula ngati akuthamangitsidwa. Kagudumu kumanzere, ankadzikumbutsa, kumanzere. Anajambula abambo akulankhula, abambo akulandira wotchi kuchokera kwa abwana awo, abambo akuvina ndi amayi, mimba ili patsogolo. Akasuzumira pakasikirini kakang'ono kaja, zonse zinkaoneka bwino, kuwala kuli m'malo mwake.

Msuweni yekha ndi amene ankavuta. Kamera ikaloza kumene ali, ankatembenuka, kapena kukweza mbale kumaso.

"Iwe, lero wayamba manyazi?" anafunsa Kadiso. "Si iwe umadzijambula ngakhale ukutsuka mano?"

"Tsitsi silinakhale bwino."

"Wa kusaluni?"

"Jambula eni phwando, usandivute."

*

Chakudya chitatha, azakhali anaimirira n'kuwomba m'manja.

"Zithunzi tizionere pompano! Enafe tikapita kwathu sititumiziridwa. Tivi yaikulu ija si iyo? Mnyamata wa mawaya, tabwera kuno ulumikize."

Wamanzere anabwera atagwira chingwe, maso ali pansi, nalandira kamera ngati sanaionepo chibadwire. Abambo anamuzindikira. Anamasula tayi pang'ono.

Chithunzi choyamba chinali cha keke, ndipo anthu anati eee. Chachiwiri chinali cha abambo akulankhula. Abambowo analipo ndithu, pakati penipeni, koma nkhope yawo inali mbuu ngati munthu woonekera pagalasi la basi mvula ikugwa. Ndipo kumbuyo kwawo, patali pafupi ndi khomo, kunali Wamanzere ali ngwee, mpaka mabatani a shati yake ankawerengeka.

"Chimenecho chalakwika," anatero Kadiso. "Pitirizani."

Chotsatira, abambo akulandira wotchi. Wotchi mbuu, abwana mbuu, abambo mbuu. Wamanzere ngwee, ataluma waya.

Chotsatira, abambo ndi amayi akuvina, onse awiri ngati mizukwa. Pakati pa mapewa awo panali kampata kakang'ono, ndipo m'kampatamo munali diso limodzi la Wamanzere ndi khutu, zooneka bwino kuposa chilichonse m'holomo.

Kondakitala wina wachikulire ndi amene anayamba kuseka. "Koma wapuma pantchito ndi ndani kodi? Ndi mnyamatayu?"

Holo yonse inaphulika. Azimayi ankagundana zigongono, ena ankatembenuka kuti amuone bwino mwini khutu. Azakhali anagwira pakamwa, koma maso awo ankavina. Amayi ake a Kadiso anayang'ana pansi.

Abambo sanaseke. Anaimirira pang'onopang'ono, ndipo kuseka kunatha kokha.

"Mwanawe, tabwera."

Kadiso anayandikira.

"Ine ndakalambira pa chiwongolero. Chinthu chimodzi ndikuchidziwa: basi imapita kumene dalaivala akuyang'ana."

"Abambo, si ine. Ndi kamerayi. Si ngati yanga ija, iyi imasankha yokha. Imaloweza nkhope ya munthu, ndiye ikamuona..."

Anaima. Anamva yekha chimene wanena, koma mawu anali atatuluka kale.

"Imaloweza," anatero abambo motsitsa. "Ndiye kamera ya mnzako wamkazi inaloweza liti nkhope ya munthu amene iwe sukumana naye?"

Wamanzere anaika chingwe pansi n'kuyandikira, manja ali kumbuyo.

"Bambo, pepani. Kamerayi ndi yanga. Mwana wanu sanalakwe, ndine ndinamuitana dzulo kuti ndimuphunzitse mabatani. Cholinga changa pa iye ndi chabwino, ndipo ndikanakonda mutandilola kuti..."

"Dzulo," anatero abambo, osamuyang'ana n'komwe. "Batire ija." Anatembenukira kwa amayi. "Mayi, mwana wanu akalongedze. Basi ya kwa amalume ake ndikuidziwa nthawi yake."

Kadiso anazula kamera pachingwe n'kutuluka. Pakhomo anamva azakhali akuuza munthu wina kuti iwo anaona kale, mwana wawo yekha ndiye wamakhalidwe.

*

Dzuwa lisanalowe anali ali kuchipinda, sutikesi ili yasa pabedi. Akaikamo diresi, alitulutsa. Akapinda siketi, aiponya pampando. Foni inkangonjenjemera patebulo ndi mauthenga a Wamanzere.

"Pepa. Ndimafuna kukuteteza."

"Yankha, chonde."

"Ndibwera ndi akuluakulu akwathu. Sindikusiya upite."

Uthenga umenewu anauwerenga kambirimbiri, ndipo mtima unayamba kufewa. Munthu anaimirira pamaso pa holo yonse chifukwa cha iye. Ndani wina akanatero? Anayamba kulemba yankho, koma lisanathe kunabwera uthenga wina.

"Kamera usaigwiregwire. Za nkhope zija ndidzafufuta ndekha. Ungoizimitsa."

Kadiso anakweza nsidze. Dzulo lomweli ankamuuza kuti afufute yekha, lero asaigwire? Anaitenga, nakhala pansi n'kutsamira bedi. Ankangofuna kuona ngati pali chithunzi ngakhale chimodzi chabwino cha abambo, choti awasiyire. Tsopano zala zinali zitayamba kuzolowera, batani loonera analipeza osalakwitsa. Anayamba kukulitsa chithunzi chilichonse.

Zoonadi, zinalipo zithunzi zimene Wamanzere sanaonekemo, zija anajambula mbali ya matebulo a chakudya. Koma abambo analinso mbuu. Anafufuza kuti aone chimene kamera inasankha. Pakona, kuseri kwa mulu wa mbale, panali theka la nkhope ya Msuweni, ili ngwee mpaka nsidze zojambula zija.

Chotsatira, amayi akudula keke, mbuu. Msuweni akutembenuka kuthawa, ngwee.

Chotsatira, azakhali akuseka ndi anzawo. Onse mbuu, kupatula mwana wawo kumbuyo.

Kadiso anaimirira, nakhalanso pansi. Anadina batani lija la m'mawa, ndipo manambala ndi timabokosi zinabwerera pasikirini. Analoza kamera pagalasi lovalira. Pankhope yake panakhala kabokosi koyera. Anayandikira, anamwetulira mokakamiza, anatsegula maso onse awiri. Koyera basi, ka anthu wamba.

Amayi anasuzumira pakhomo atanyamula thaulo. "Utengenso ili. Abambo ako ndiyankhula nawo akazizira, koma usawayankhe."

Kamera inawapatsa kabokosi koyera. Anachoka.

Kenako m'khonde munamveka masilipasi, ndi kanyimbo koimbira m'mphuno. Msuweni analowa akumasula ndolo.

"Koma msuweni, lero watisangalatsa. Ine ndinakuchenjeza za mnyamata ameneyu, anthu okonza mafoni aja..."

Anaona kamera itamuloza. Anakweza dzanja kuti abise nkhope, koma anachedwa. Kabokosi kanali katadumpha kale, kobiriwira, n'kukhala padiso lake. Anasunthira ku wadirobu, kanamutsatira.

"Dzulo unaiyatsa osafufuza batani," anatero Kadiso, mawu ali pansipansi. "Ine ndinavutika nalo m'mawa wonse. Iwe unalidziwira kuti?"

Kadiso anamuyandikira, kamera ikadali yomuloza.

"Imaloweza munthu amene mwini wake waiuza kuti ndi wofunika. Ine sinandiloweze. Iwe inakuloweza liti?"

Patebulo foni inayambanso kulira, dzina la Wamanzere likuwala. Onse awiri anaiyang'ana. Msuweni anatsitsa dzanja pang'onopang'ono, nakonza tsitsi lake ngati munthu amene watopa ndi kubisala, n'kuyang'ana mu lenzi mwenimwenimo.

"Muyankhe, akuuze yekha," anatero. "Ndipo uzimitse kaye kamerayo, batire yake sichedwa kutha. Batani lili kumanzere, msuweni."